Luso la Namwino pa Matenda a Shuga

Munthu akauzidwa koyamba kuti ali ndi matenda a shuga, mutu umaima. Apa m'pamene luso la namwino limaonekera. Samuunjikira malamulo, koma amakhala naye pansi n'kugwirizana zolinga zochepa zoti akwaniritse asanabwerenso kuchipatala.

Njirayi ili ndi mbiri yake. Mu 1981, namwino wa ku America, Imogene King, anafotokoza m'buku lake kuti chisamaliro chimayenda bwino namwino ndi wodwala akamapangira limodzi zolinga.

Zolingazo zimakhala zogwirika: kumwa mankhwala a metformin pa nthawi ya chakudya, kuchepetsa mitanda ya nsima n'kuchulukitsa ndiwo zamasamba, kusiya kuthira shuga mu tiyi, kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, ndiponso kuyang'ana mapazi tsiku lililonse, poti matendawa amawononga mitsempha moti bala limakula munthu osamva kupweteka. Kwa akuluakulu ambiri, cholinga chachikulu n'kutsitsa HbA1c, muyeso wa shuga wa miyezi pafupifupi 3, kufika pansi pa 7 peresenti.

Wodwala akabweranso, namwino amafunsa chimene chavuta, kaya ndi ndalama yoyendera kapena kutha kwa mankhwala, kenaka awiriwo amakonzanso cholingacho.