Koluna Ikalira, Mpingo Umakhala Cete

M'mwezi wa Juni ndinakagona kwa azakhali anga kumtunda kwa Tsangano, ndipo Lamulungu m'mawa tinapita limodzi kukapemphera. Chalichi cawo ndi ca njerwa zoocha, denga la malata, ndipo anthu akadzaza safika 100. Kutsogolo ndinapezako zinthu zimene kale kunalibe: makoluna awiri aatali ngati mwana wa sukulu, kiyibodi, mamikrofoni atatu, ndi batire ya galimoto yolumikizidwa ku painelo ili padenga. Nyimbo yoyamba italengezedwa, mnyamata wa pa kiyibodi anadina batani, ng'oma za m'makina zinayamba, atsikana atatu a pa mikrofoni nkulowa. Ine maso anali pa azakhali. Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo m'chalichimo kuyambira pamene tinabwerako ku Malawi nkhondo itatha mu 1992. Ndime yoyamba milomo yawo inkagwedera, koma mawu sankamveka. Ndime yaciwiri anatseka buku nkuliika pamiyendo.

Tili m'njira pobwerera ndinawafunsa kuti, "Azakhali, kodi lero pakhosi sipali bwino?"

Anaseka pang'ono. "Pakhosi pali bwino, mwana wanga. Nanga ndiyimbirenji pamene makina ayimba kale? Ine ndimayimba ndikamamva mawu a mnzanga pambali panga. Masiku ano ngakhale anga omwe sindiwamva."

Mawu amenewa ndi amene andilembetsa nkhaniyi. Zipangizo zamakono zalowa m'mipingo yathu ya m'malire muno mofulumira kwambiri, ndipo tazilandira osakhala pansi kufunsana kuti cipangizo ciliconse cabwera kudzagwira nchito ya ndani, nanga munthu amene ankagwira nchitoyo apita kuti.

Wina asaganize kuti ndine mdani wa zatsopano. Mpingo kuno wakhala ukugwiritsa nchito zipangizo ciyambire. Belu ndi cipangizo, njinga ya mlaliki ndi cipangizo, ndipo buku lenilenilo linali cinthu cacilendo kwa makolo athu pamene amishoni a Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso mu 1909, ansembe Acikatolika nkukhazikika ku Lifidzi m'zaka zomwezo. Koma mbiri yathu ili ndi phunziro limene sitiyenera kuliiwala. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka mishoni ya Mphatso, ndipo Akhristu a kumeneko anakhala zaka zambirimbiri opanda mbusa wawowawo, ena nkumawoloka malire kukabatizitsa ana ku Nyasaland. Nthawi ya nkhondo machalichi ambiri anasanduka mabwinja, anthu nkumapempherera pansi pa mitengo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Nthawi ziwiri zonsezi mpingo unapulumuka cifukwa anthu wamba anali ndi nyimbo m'mutu, ndipo panali amayi ndi abambo odziwa kuimirira nkutsogolera popanda wowauza. Cuma cimeneci cimathawa pamodzi ndi mwini wake. Koluna sungathawe nayo pamutu usiku.

Zabwino za zipangizozi ndaziona ndi maso anga. Ambiri a ife tinaphunzira sukulu m'Cipwitikizi cokhacokha, popeza maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba mu 2003, ndiponso m'masukulu ena okha. Alipo ambiri olankhula Cinyanja cokoma amene akatsegula Buku Lopatulika amapunthwa mzere uliwonse, ndipo alipo agogo amene maso anafooka. Kwa anthu otere, Baibulo lomvetsera pa foni kapena pa kawailesi kokhala ndi memore ndi mphatso yeniyeni. Ndikudziwa gogo wina amene amamvetsera Masalmo akusenda nyemba pakhonde. Kucokera pamene Movitel inafika mu 2012 nkudzala milongoti kumidzi, uthenga wa maliro umene unkatenga tsiku lonse pa njinga umafika kwa akulu a mpingo madzi a nsima asanawire. Mu 2020, boma litaletsa misonkhano ya mapemphero cifukwa ca mliri wa Covid-19, wailesi ndi foni ndi zimene zinatilumikiza. M'zonsezi cipangizo cinafikitsa mawu kwa munthu amene akanatsalira.

Koluna m'chalichi ca anthu 100 sikufikitsa mawu kwa wina aliyense wotsalira, pakuti mlaliki wa mawu wamba amamveka mpaka kukhomo. Cimene imacita ndi kugawa mpingo pawiri, atatu oyimba ndi ena onse oonerera. Munthu amayimba podzimva yekha ndi pomva anzake oyandikana naye, ndipo apo ndi pamene amadziwa ngati wakwera kwambiri kapena watsalira. Phokoso la kutsogolo likaposa mawu ake, amasokera, manyazi nkumugwira, nkungoyamba kuwomba m'manja basi. Onjezani malata ndi makoma opanda kanthu amene amabweza phokoso uku ndi uku. Zotsatira zake nzakuti okalamba, amene tinkati tikuwathandiza kuti amve bwino, amamva cinthu cogunda pacifuwa koma mawu a ulaliki osawatola. Ndaonanso amayi obereka ana atakhala pafupi ndi koluna kwa maola atatu. Ngati munthu wamkulu amatuluka makutu akulira, kuli bwanji khanda?

Kiyibodi nayo ili ndi mlandu wake, ndipo mlanduwu ukukhudza cikhalidwe cathu mwacindunji. Nyimbo zambiri za m'mabuku athu zinacokera ku Ulaya, koma agogo athu anaziweta mpaka zinakhala zathu. Amazikoka mwakacetecete, woyambitsa amaponya mzere, mpingo nkuwulandira, abambo nkulowa pansi ndi mawu aakulu pamene afunika. Woyambitsa wabwino amakhala ndi khutu kwa anthu. M'mawa wa cisanu ca ku Angónia kuno amayamba motsitsa, podziwa kuti pakhosi pa anthu sipanamasuke. Pamaliro amacedwetsa. Anthu akamapita kutsogolo ndi copereka amabwereza kolasi mpaka womaliza atakhala pansi. Ng'oma za m'kiyibodi zilibe khutu lotere. Liwiro limene mnyamata waika ndi lomwelo mpaka kumapeto, silidikira kuti nkhalamba ipume. Ndiponso anyamata athu ambiri anaphunzira kuyimba kiyibodi pomvetsera nyimbo zojambulidwa, ndiye amadziwa makiyi awiri kapena atatu ogwirizana ndi mawu a atsikana a kwaya. Nyimbo ya Mgonero ndi nyimbo ya ukwati zimatuluka ndi kavinidwe kamodzi. Tikapitiriza conco zaka khumi, mayimbidwe a ku Domwe, a ku Ulónguè ndi a ku Tsangano adzakhala ofanana ndi a pa wailesi ya ku Lilongwe, ndipo sipadzakhala wokumbukira kuti ankasiyana pati.

Ndinaceza ndi mnyamata wa pa kiyibodi uja, ndipo anandiyankha mwaulemu. Anati, "Abambo, zimene mukunenazi ndazimva, koma tikazimitsa makinawa anzanga onse apita ku chalichi ca pamsika kumene kuli makoluna anayi. Ineyo ndikanapanda kiyibodi bwenzi ndili ku bawo." Mawu akewa ndi oona, ndipo akulu a mipingo amene anagula makoluna denga likudontha anacita zimenezo ndi mantha omwewa. Acinyamata akutha m'midzi, ena ku Tete, ena ku Joni, ndipo otsalawo tiyenera kuwapatsa malo. Koma mpikisano wa phokoso ulibe wopambana. Amene wagula makoluna awiri lero, mnzake mawa agula anayi, ndipo usiku wa mapemphero a mcezo mudzi wonse sugona, odwala ndi ana a sukulu omwe. Ngati mnyamata takhala naye cifukwa ca makina okha, tsiku limene kudzabwere makina aakulu kwina adzapita. Tingamusunge pomuphunzitsa luso lenileni: kuti woyimba kiyibodi azitsatira mpingo, azizimitsa ng'oma za makina pa nyimbo za m'buku, azifunsa woyambitsa kuti ayambire pati. Luso limeneli nlovuta kuposa kudina batani, ndipo mnyamata wolidziwa amalemekezeka.

Foni nayo yalowa pa guwa m'njira ina yobisika. Alaliki ena masiku ano Loweruka madzulo amamvetsera ulaliki umene wabwera pa WhatsApp kucokera kwa mneneri wa mumzinda, mawa lake nkudzatibwerezera. Mumauzindikira msanga. Umakamba za kutsegukirana kwa makomo a nchito za mu ofesi, magalimoto ndi maulendo a pa ndege, kwa anthu amene usiku sanagone poganiza za mtengo wa feteleza, za kacewere amene akuwolera pa msika wa Lizulu, ndi za m'bale amene wasuntha malire a munda. Ngakhale Cinyanja cake cimamveka kuti cadutsa m'Cingerezi kapena m'Cipwitikizi cisanafike pakamwa. Mlaliki wakale wa kumudzi mwina sankadziwa zambiri, koma ankadziwa amene akangana sabata imeneyo ndi amene wagona ndi njala, ndipo ulaliki wake unkacokera m'buku ndi m'maulendo ake a khomo ndi khomo. Kuphunzira kwa alaliki ena sikolakwa. Colakwa ndi kuleka kuyendera anthu cifukwa cakuti ulaliki wapezeka kale m'thumba. Ndiwonjezenso kuti mauthenga ena otere amathera pa nambala yotumizirako ndalama ya "mbewu", ndipo amene amatumiza kawirikawiri ndi amayi amasiye ndi odwala, anthu amene mpingo wawo weniweni unayenera kuwathandiza.

Pa nkhani ya ndalama pali cinanso. Mbale ya copereka kuno kumalire imatuluka ndi meticais ndi makwacha zitasakanikirana, ndipo mwambo wathu unali wakuti anthu awiri kapena atatu aziwerenge poyera, mlembi alembe, mpingo umve. Tsopano ana athu a kutali amatumiza thandizo pa M-Pesa kapena e-Mola, a tsidya linalo pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo izi zamangitsa makoma amene akanakhala zaka osatha. Vuto nlakuti ndalamayo imagwera pa nambala ya munthu mmodzi, ndipo uthenga wake amauona yekha. Sindikunena kuti asungicuma athu ndi akuba. Ndikunena kuti tawaika pamalo pamene wokhulupirika sangathe kuonetsa kukhulupirika kwake, ndipo miseche ikayamba alibe mboni. Ndikudziwa mpingo wina umene unagawanika pa nkhani yotereyi, popanda ndi mmodzi yemwe wotha kutsimikiza kuti ndalama inasowadi.

Zimene ndikupempha sizifuna ndalama. Lamulungu lililonse pakhale nyimbo ziwiri zoyimbidwa makina atazimitsidwa, zoyambitsidwa ndi amene ankayambitsa kale, ndipo mtsikana kapena mnyamata mmodzi aziima pambali pake kuti aphunzire. Kukula kwa phokoso aziweruza ndi nkhalamba yokhala kumbuyo: ikati yamva mawu onse, pomwepo pakwana. Koluna ituluke panja pa maliro aakulu ndi pa misonkhano ya anthu ocuruka, kumene imathandizadi. Mapemphero a usiku azilemekeza tulo ta oyandikana nawo. Mauthenga a ndalama zolowa pa foni aziwerengedwa pamaso pa komiti ndi kulembedwa m'buku lomwe lija la copereka. Ndipo pamene mpingo ukufuna kugula cipangizo catsopano, amayi a cigwirizano ndi okalamba afunsidwe kaye, popeza ndi iwo amene amayamba kutsekedwa pakamwa.

Ndisananyamuke ku Tsangano ndinapempha mdzukulu wa azakhali kuti awajambule mawu pa foni akuyimba nyimbo zawo zakale. Anayimba zisanu ndi ziwiri, kenaka anati atopa. Zili m'foni tsopano, ndipo ndikuthokoza kuti cipangizo cotere cilipo. Koma pomvetsera ndinaona kuti akamaliza mzere woyamba amaima pang'ono, kudikira anthu oti alandire, ndipo m'fonimo mumangomveka nkhuku za pabwalo. Mayimbidwe amenewa amafuna anthu ambiri, ndipo amaphunziridwa poyimba pamodzi ndi mwini wake akali moyo. Azakhali ali ndi zaka zopitirira 70, ndipo m'mudzi mwanu alimo ena onga iwo. Inu akulu a mpingo, akatekista ndi amayi otsogolera amene mwawerenga kabukuka, itengereni nkhaniyi ku msonkhano wanu wotsatira, ndipo pokambirana muyambe mwafunsa amene anatseka mabuku awo kuti anatsekeranji.