Nkhani za a Ngugi wa Thiong'o pa Yunivesite ya Auckland mu 1984: Kupenda Malo, Omvera ndi Mfundo

Mayunivesite ambiri a kunja ali ndi mwambo woitana munthu wodziwika kuti adzakambe nkhani poyera, khomo lili lotseguka kwa aliyense, wa pa yunivesite ndi wa kumudzi yemwe. Pa Yunivesite ya Auckland, ku New Zealand, nkhani zotere zinapatsidwa dzina la Sir Douglas Robb, dotolo amene anakhalapo mtsogoleri wa yunivesiteyo. M'caka ca 1984 oitanidwa anali a Ngugi wa Thiong'o a ku Kenya, ndipo mutu wao unali wa ndale za cinenero m'zolembalemba za mu Africa. Nkhanizo ndizo zinabala buku la Decolonising the Mind, losindikizidwa mu 1986. Bukulo timaliphunzitsa kawirikawiri, koma sitifunsa kwenikweni kuti malo amene mauwo anamvekera, ndi anthu amene anawamva, anaziumba motani mfundo zake. Colinga ca nkhani ino ndico kuyesa funso limeneli.

Tiyambe ndi wokambayo. A Ngugi sanafike ku Auckland kucokera kwao. Mu December 1977 boma la Kenya linawatsekera m'ndende ya Kamiti popanda kuzengedwa mlandu, cifukwa ca sewero la m'Cigikuyu la Ngaahika Ndeenda, limene analemba pamodzi ndi a Ngugi wa Mirii ndipo linaseweredwa ndi alimi ndi anchito a ku Kamiriithu. Anakhalamo caka cathunthu, nalemba nthano yao yoyamba ya m'Cigikuyu pa mapepala a ku cimbudzi. Mu 1982 bwalo la masewero la Kamiriithu linagwetsedwa, ndipo caka comweco iwo anayamba moyo wothawa kwao. Motero munthu amene anaima m'holo ya Auckland anali atalandidwa omvera ake enieni. Ici ncofunika kucikumbukira, pakuti ena amafulumira kuseka kuti nkhani yoteteza zinenero za mu Africa inakambidwa m'Cingerezi, kutsidya kwa nyanja. Kunena zoona, bwalo limene akadakambapo m'Cigikuyu linali litaphwasulidwa kale.

Nanga omvera? New Zealand wa nthawi imeneyo anali pakati pa mkangano wa cinenero. Mu 1972 Amaori anapereka ku nyumba ya malamulo pempho lakuti Cimaori ciziphunzitsidwa m'masukulu; mu 1982 anatsegula kohanga reo yoyamba, ndiko kuti sukulu ya ana aang'ono kumene agogo amalankhula nao Cimaori cokha; ndipo m'caka comwe ca 1984 mai Naida Glavish, wogwira nchito yolumikiza matelefoni, analetsedwa kupereka moni wa Cimaori pa nchito, nkhani imene inagwedeza dziko lonselo. Lamulo lolandira Cimaori kukhala cinenero ca boma linadza mu 1987. Tsono pamene a Ngugi anafotokoza za ana a sukulu amene anali kukwapulidwa kapena kunyozedwa pamaso pa anzao cifukwa colankhula Cigikuyu, sanali kusimba zacilendo. Akuluakulu ambiri a Cimaori anali atalawapo ndodo yomweyo m'masukulu a kwao.

Apa ndipo pali mphamvu ya nkhanizi. Zikadakambidwa ku Nairobi, anthu akadaziona monga mlandu wa munthu mmodzi ndi boma lake. Ku Auckland zinakula, zinakhala nkhani ya mtundu uliwonse umene ana ake amaphunzitsidwa kuti cinenero ca mai ao ndi ca manyazi. Ndico cifukwa cake bukulo limawerengedwanso ndi anthu amene sanaiponde Africa.

Komabe malo omwewo anabisa kanthu. Amaori ali ndi cinenero cimodzi, ngakhale kalankhulidwe kamasiyana pang'ono malinga ndi dera, ndipo colimbana naco ndi Cingerezi basi. Cithunzi ca mbali ziwiri, cinenero ca atsamunda uku ndi ca eni dziko uko, cinawayenera bwino. Omvera otere alibe cifukwa coumirira funso limene mphunzitsi wa ku Lundazi kapena ku Petauke akadafunsa msangamsanga: mukati cinenero ca mu Africa, mukunena citi? M'Zambia muno boma linasankha zinenero zisanu ndi ziwiri za m'masukulu ndi pa wailesi, ndizo Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Mwana wolankhula Citumbuka, Cinsenga kapena Cikunda akapatsidwa buku la Cinyanja, wapatsidwa cinenero ca mu Africa ndithu, koma si ca kunyumba kwao. Ndi mwana wa mu Lusaka yemwe, amene amati amalankhula Cinyanja, amadodoma ndi Cicewa ca m'mabuku. Ku Malawi, mu 1968, Cicewa cinakwezedwa kukhala cinenero ca dziko ndipo Citumbuka cinacotsedwa pa wailesi. Wocita zimenezo sanali mzungu. Tiona tsono kuti cinenero ca mu Africa naco cingakhale ndodo yomenyera cinzake, ndipo pa mfundo imeneyi nkhani za ku Auckland zimadutsa mothamanga.

Sitikunena kuti a Ngugi analibe yankho. M'zaka zotsatira analimbikitsa kwambiri nchito yomasulira, kuti zinenero zizicezerana popanda cina kukwera pamsana pa cinzake, ndipo pa Yunivesite ya California ku Irvine anatsogolera malo ophunzirira zolemba ndi kumasulira. Yankholi ndi labwino kwa olemba mabuku. Kwa mphunzitsi wa Giredi 1 amene ali ndi ana a zinenero zitatu m'kalasi imodzi ndi buku limodzi, silikwanira. Mbiri ya maphunziro athu isonyeza kubvuta kwa nkhaniyi: mu 1966 Cingerezi cinaikidwa kukhala cophunzitsira kuyambira Giredi 1, mu 1996 boma linalola kuti ana ayambe kuwerenga m'cinenero ca kwao, ndipo mu 2014 linalamula kuti maphunziro a Giredi 1 kufika 4 aziperekedwa m'cinenero ca m'deralo. Pa kusintha kulikonse, funso lakuti cinenero citi linali kubuka.

Gawo lonena za mbiri ya mkanganowu ndi lakuthwa. A Ngugi anakumbutsa za msonkhano wa olemba wa ku Makerere mu 1962, umene iwo analipo akali wophunzira, pamene olemba okhwima monga Shaaban Robert wa Ciswahili ndi D. O. Fagunwa wa Ciyoruba sanawerengeredwe cifukwa msonkhanowo unali wa olemba m'Cingerezi. Anaima kumbali ya Obi Wali, amene mu 1963 anacenjeza kuti njira ya kulemba m'zinenero za ku Ulaya siidzafikitsa kutali, natsutsa Chinua Achebe, amene anakhulupirira kuti Cingerezi cingapindidwe kuti cisenze katundu wa mu Africa. Ife a Cinyanja mfundoyi itikhudza, pakuti Nthondo wa Samuel Josia Ntara anatuluka mu 1933, zaka pafupifupi 30 msonkhano wa Makerere usanacitike. Koma pofuna kupambana mkangano, a Ngugi anafika pokana kuti zolembedwa m'Cingerezi ndi Cifalansa ndi zolembalemba za mu Africa zenizeni. Apa anapyola muyeso. Mpanda woterewu umatsekera kunja mabuku amene Aafrika eni ake anadziona m'menemo, kuphatikizapo mabuku oyamba a a Ngugi omwe.

Kwa ine, gawo lopambana ndi la masewero, cifukwa m'menemo wokamba saweruza anzake koma afotokoza zimene anaona: anthu a m'mudzi akumanga bwalo ndi manja ao, akukonza mau a sewero pamene olemba ophunzira aphonya kalankhulidwe ka alimi, akuyeseza poyera aliyense akuona. Amene akumbukira bwalo la Chikwakwa pa Yunivesite ya Zambia, ndi maulendo ake opita ndi masewero kumidzi m'zaka za m'ma 1970, adzazindikira mzimu womwewo. Ndiponso gawoli litikumbutsa kuti luso la mau silikhala m'buku mokha. Nthano za a Julius Chongo pa wailesi zinafika m'nyumba zambiri kumene buku la nthano silinalowemo.

Potulutsa bukulo a Ngugi analengeza kuti akutsazikana ndi Cingerezi. Nthano zao zinapitiriradi kubadwira m'Cigikuyu, monga Matigari mu 1986 ndi Murogi wa Kagogo pambuyo pake. Koma nkhani zopenda ndi mbiri ya moyo wao zinabwerera ku Cingerezi, ndipo mu 1996 anakambanso nkhani zapoyera ku Oxford m'cinenero comweco. Ine sindiuona mcitidwe umenewu monga cinyengo. Ndiuona monga umboni wa kumene kuli ndalama zoitanira wokamba, holo yomusonkhanitsira anthu ndi makina osindikizira mau ake. A Ngugi anamwalira mu May 2025 ali ku America, ndipo mfundo zao zimafikabe kwa ophunzira athu ambiri kudzera m'Cingerezi.

Tikafuna kuzikamba m'Cinyanja, bvuto loyamba likhala pa liu lenileni la mutu. Tili ndi mau atatu: cilankhulo, cinenero ndi citundu. Awiri oyambawo acokera ku kulankhula ndi kunena, motero aloza ku cinenero monga cida comvanirana. Lacitatu lili pa tsinde limodzi ndi mtundu, ndipo ndilo lili pafupi ndi ganizo la a Ngugi lakuti cinenero ndi nkhokwe ya cikhalidwe ndi mbiri ya anthu. Koma womasulira akangolemba kuti citundu, wowerenga wa kuno adzafunsa pomwepo kuti ca mtundu uti, funso lija limene Cingerezi ndi holo ya Auckland zinawalola a Ngugi kulilambalala.