Pepani Sapoletsa Chilonda

Ana a sukulu kuno ku Domasi, pokonzekera mayeso a Chingerezi, amakumana ndi chining'a chakuti "to make amends". Ambiri a iwo, ngakhalenso akuluakulu ophunzira, amachimasulira kuti "kupepesa". Kumasulira kotereku nkopereŵera, pakuti kumasiya kunja mtima weniweni wa mauwo.

Liu lakuti "amends" lidaloŵa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, m'mene linkatanthauza malipiro a pa mlandu. Gwero lake ndi liu la Chilatini "emendare", ndiko kuti kuchotsa chilema. Nchifukwa chake chining'achi sachinenera munthu amene wangogwetsa misozi kapena wangolankhula mokoma. Payenera kuoneka kanthu kamene wolakwiridwa uja wabwezeredwa. Mwana akaswa zenera la mnansi, pepani amatuluka pakamwa, koma "amends" ndi galasi latsopano.

Makolo athu adaazidziŵa izi Chingerezi chisanafike m'chigwa muno. Mbuzi zikadya mmera m'dimba la wina, mwini mbuzi sankangoomba m'manja pa bwalo la amfumu, koma ankatula nkhuku kapena dengu la chimanga. Ndiwo omwe adatisiyira mwambi wakuti pepani sapoletsa chilonda.

Dziko lathu lidayesedwa pa mfundo yomweyi. M'ndende ya Mikuyu, m'boma lino la Zomba, mudatsekeredwa anthu ambiri popanda kuzengedwa mlandu m'nthaŵi ya chipani chimodzi. Mmodzi wa iwo adaali mlakatuli Jack Mapanje, amene adakhalamo kuyambira 1987 mpaka 1991. Malamulo aakulu a dziko a 1994 adakhazikitsa bwalo la National Compensation Tribunal, kuti m'zaka khumi lipereke chipukutamisozi kwa ozunzidwa. Mu Januwale 1996, Dr. Hastings Kamuzu Banda adapepesa mtundu wa Amalaŵi chifukwa cha zoŵaŵa zimene zidachitika m'dzina lake. Komabe bwalo lija lidatsekedwa anthu zikwi zambiri asanalandire zawo, ndipo mu 2017 ofesi ya Ombudsman idakumbutsa boma kuti ngongoleyo idaali isanabwezedwe. Pepani adamveka pa wailesi, koma kubweza kudatsalira panjira.

Wina angafunse kuti: kodi zaka zinayi za m'ndende zingabwezedwe ndi ndalama zingati? Nzoona, sizingabwezedwe. Chining'achi sichilonjeza kuti zonse zidzakhala monga kale. Chimangofuna kuti wolakwa asenzeko gawo la katundu amene adasenzetsa mnzake. Ndiponso ndalama yoponyedwa monyoza, popanda mau a chisoni, imangotukusa chilonda. Mau ndi ntchito ziyenera kuyendera limodzi, monga adachitira Zakeyo wa ku Yeriko, amene adalonjeza kubwezera kanayi aliyense amene adamdyera masuku pamutu.

Tsono, aŵerengi okondedwa, tisanaloze chala boma, tiyambe tayang'ana m'mabanja mwathu. Alipo amene adasuntha malire a munda mwini wake ali kumaliro. Alipo amene adatenga makina osokera a mkazi wamasiye, nati ndi a m'bale wawo. Alipo amene adaipitsa mbiri ya mtsikana pachitsime, ndipo bodzalo likali kuyenda. Mpingo umaphunzitsa kuti kulapa sikuchotsa udindo wobweza chimene tidatenga. Malire abwerere pa mtengo wake wakale, makina abwerere kwa mayi uja, ndipo choona chikanenedwe pachitsime pomwepo pamene bodza lidayambira.