Luso la Omata Mano

Dzino lomatidwa bwino silidziwika n'komwe kuti linabookapo, ndipo luso la dokotala wa mano lili pomwepo. Kompoziti, phala loyera lochokera ku mankhwala a Bis-GMA amene Rafael Bowen anapanga ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, amafanana mtundu ndi dzino ndipo amapirira kutafuna kwa zaka zambiri. Komatu ngwovuta. Timalovu pang'ono timamulepheretsa kugwira, ndipo akamaumitsidwa ndi kuwala kwa buluu amachepa. N'chifukwa chake katswiri amaumitsa dzino kaye, kenako n'kumamuika pang'onopang'ono, mamilimita 2 pa nthawi, kuti m'mphepete musatsale mpata wolowera tizilombo. Wa phuma pano sapambana.

Glass ionomer, phala lina lomatira mano limene Alan Wilson ndi Brian Kent anatulukira ku London, amamatirira yekha, saopa chinyezi kwambiri ndipo amatulutsa fluoride. Koma pa dzino lotafunira lobooka mbali zingapo amaperepeseka msanga.

Glass ionomer ndi amene amagwiritsidwa ntchito m'njira yopala zowola ndi zida zamanja, popanda magetsi, imene Jo Frencken anayambitsa ku Tanzania m'ma 1980 n'kukaiyesanso pa ana asukulu ku Zimbabwe.