CISUMBU CIMENE CINAMIRA: Za Buku la Valentin Rasputin

Ku Siberia, m'dziko la Russia, kuli nyanja yochedwa Baikal, imene iposa nyanja zonse za pa dziko lapansi kuya kwace. Pamene pali pozama koposa afika mamita 1,642, ndipo yotsatana nayo ndiyo Tanganyika, imene anthu a ku Mpulungu aidziwa bwino. Koma nyanja ziwirizi zisiyana kwambiri pa cinthu cimodzi. Baikal ndi nyanja ya cisanu coopsa. Kuyambira mwezi wa January kufikira May madzi ace aundana pamwamba nakhala olimba ngati thanthwe, kotero kuti asodzi ayenda pamwamba pace ndi akavalo kapena magalimoto, naboola dzenje kuti aponye maukonde ao. Mitsinje yoposa 300 ithira m'nyanjayi, koma woturukamo ndi umodzi wokha, dzina lace Angara. M'mbali mwa mtsinje umenewu ndimo anabadwira Valentin Rasputin m'caka ca 1937, nakulira pa mudzi waung'ono wa Atalanka.

Mudziwo anauona ulikusamutsidwa ali mnyamata wamkuru kale, pamene Boma la Soviet Union linatseka Angara ndi damu lalikuru la magetsi pa Bratsk, madzi nakwera namiza minda, nkhalango ndi midzi yambiri-mbiri. Nkhaniyi anakhala nayo mumtima zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1976 anaturutsa buku limene m'Cingerezi lichedwa Farewell to Matyora, ndiko kunena kutsazika Matyora. Wowerenga wa ku Zambia sadzavutika kulimva bukuli, pakuti zaka zomwezo madzi a Kariba anacotsa Atonga a m'cigwa ca Gwembe okwana 57,000 m'mbali zonse ziwiri za Zambezi, ndipo nyanja ziwiri zopangidwa ndi anthuzi zilingana ndithu kukula kwace.

Nthano yace njaifupi. Matyora ndi cisumbu ca pakati pa Angara, ndipo mudzi wa pamenepo wakhala zaka zoposa 300. Tsono kwamveka kuti damu lilikumangidwa kunsi kwa mtsinje, ndi kuti ikatha nyengo yofunda ya caka cimeneco cisumbu conse cidzamira. Anthu auzidwa kusamukira ku mudzi watsopano wa Boma kutsidya. Acinyamata ambiri apita kale. Otsala ndi nkhalamba, makamaka amai. Mulibe nkhondo m'bukuli, mulibe cikondi ca mnyamata ndi namwali, mulibenso cinsinsi coti ciululike pa mapeto. Muli anthu okhala pansi alikumwa tiyi, natsutsana za moyo wao.

Mphamvu ya bukuli ili pa mikangano imeneyi, ndipo Rasputin anaiika m'nyumba imodzi, pakati pa mibadwo itatu. Gogo Darya, wa zaka ngati 80, ndiye mzati wa nkhani yonse. Iye sakana magetsi, ndipo za damu sazidziwa bwino. Cimene cimsautsa ndi manda. Atate wace ndi amai wace agona pa cisumbupo, pamodzi ndi mwana wace, ndipo iye aona kuti akadzafika kwa iwo adzamfunsa cifukwa cace anawasiya m'madzi, iye nadzasowa poyankha. Mdzukulu wace Andrei, amene wacoka ku usilikari ndi ku nchito ya m'fakitale, afuna kukalowa nchito pa damu lomwelo. Kwa iye munthu ndi wamphamvu, woyenera kulamulira mitsinje, ndipo kukhala pa cisumbu ndi ng'ombe imodzi ndiko kutaya unyamata. Pakati pao pali Pavel, mwana wa Darya, atate wa Andrei, amene anamenya nkhondo ya 1941 mpaka 1945, munthu wotopa, wovomereza kuti damu lifunika, koma wosamvetsa cifukwa cace nchito yabwino icitidwa mwa njira yoipa cotere.

Pavel ndiye munthu wolembedwa bwino koposa onse, ngakhale kuti owerenga ambiri akumbukira Darya yekha. Mafunso ace ndi a munthu wodziwa munda. Mudzi watsopano unamangidwa pa mbali ya kumpoto ya phiri, kumene dzuwa silifika bwino, ndipo m'dziko la cisanu kulakwa kotere nkwakukuru. Nthaka yace njouma ndi ya miyala, pamene ya pa Matyora inali yakuda, yothiridwa manyowa ndi mibadwo yambiri. Zipinda za pansi pa nyumba zosungiramo mbatata zidzala madzi. Nyumbazo nzosanjikizana, zokhala ndi makwerero amene nkhalamba siingakwere, ndipo malo a ng'ombe ngocepa. Woika mudziwo pamenepo sanali woti adzakhalamo. Apa wolemba sanafuule konse. Anangoika zinthuzi m'maso mwa Pavel cimodzi-cimodzi, ndipo mlandu umene upezeka pamenepo ngolemera kuposa mau onse a ukali a m'bukuli. Anthu a Mfumu Chipepo amene anatengedwa kunka ku Lusitu m'caka ca 1958, nakapeza nthaka yosadziwika ndi madzi osowa, akadamva msanga cimene Pavel alikudandaula.

Mutu wa ku manda ndiwo umene suiwalika. Amai okalamba ali pa tiyi m'nyumba ya Darya, alowa Bogodul, nkhalamba yosadziwika kwao, yolankhula motukwana, nawauza kuti akufa alikuberedwa. Athamangira kumeneko napeza amuna acilendo alikudula mitanda ndi mipanda ya pa manda, naiunjika kuti aioche. Amunawo sali akuba. Atumidwa ndi Boma kuyeretsa pansi pa nyanja imene ilikudza, ndipo mkuru wao afotokoza mwaulemu wace wa muofesi kuti padzayenda zombo za alendo, ndipo sikudzakhala bwino mitanda ilikuyandama. Nkhalamba ziwapitikitsa, ndipo mpaka usiku zilikukwawa m'mandamo, kubwezera mtanda uli wonse pa malo ace. Rasputin anaona bwino kuti munthu wa Bomayo sananame, ndi kuti amaiwo sanalakwe. Onse alikunena za malo amodzi, koma wina awacha pansi pa nyanja, wina awacha kwa amai.

Za moyo wa masiku onse wolemba azidziwa monga mwini mudzi. Adziwa ulemu umene anthu a kumeneko apatsa samovar, ciwiya cacikuru ca mkuwa cowiritsira madzi a tiyi ndi makala, cimene mai wa nyumba saturuka naco cophimba ngati katundu wamba. Adziwa kumweta udzu wosungira ng'ombe m'miyezi ya cisanu, ndi momwe anthu amene anasamuka kale abwerera kudzamweta komaliza, nayimba madzulo pobwera ku dambo ngati kuti palibe cimene cidzacitika. Adziwanso kuti si onse a pa mudzi ali olungama. Petrukha, mlesi ndi cidakwa, aocha nyumba ya amai wace Katerina nthawi isanakwane kuti alandire msanga ndarama za cipepeso, ndipo pambuyo pace alembedwa nchito yoocha nyumba za ena. Yegor ndi mkazi wace Nastasya atengedwa kunka ku tauni, ndipo mwamunayo atsekeredwa m'cipinda capamwamba, osaturuka, namwalira patapita masabata owerengeka. Pomaliza Darya apaka nyumba yace njereza, natsuka pansi, nakoleka nthambi zaziwisi m'ngondya, tsiku limodzi asanafike ooca. Aicita monga acitira mtembo, umene suikidwa m'manda wosasambitsidwa. Masamba amenewa ngokwanira okha kusungitsa dzina la wolemba.

Koma bukuli lili ndi zolakwa zace, ndipo nzosabisika. Woweruza mlandu ayenera kumva mbali zonse mofanana, ndipo Rasputin anatsamira mbali imodzi. Darya apatsidwa masamba ambiri ndi mau okoma, ozama. Andrei apatsidwa mau ouma, onga a m'nyuzipepala ya Boma, kotero kuti agonja asanayambe kulankhula. Klavka, mai amene anena poyera kuti watopa ndi moyo wa pa cisumbu ndipo afuna kucoka msanga, aonetsedwa ngati wolongolola cabe. Vorontsov, mkuru wa bwalo la mudzi, ndi cidole copanda mtima, cosiyana kutali ndi Pavel. Komatu mwa anthu amene anafuna kusamuka munali ena a maganizo abwino: mai wofuna cipatala pafupi, mwana wofuna sukulu yopitirira, mkazi wotopa ndi kutunga madzi pa dzenje loboola m'mtsinje woundana. Amenewa m'bukuli mau ao samveka.

Colakwa ciwiri cigwirizana ndi coyamba, ndipo ncodabwitsa kwa buku la ku Siberia. Mulibe cisanu. Nkhani iyamba pamene madzi oundana asungunuka, nitha m'mwezi wa September. Wowerenga aona Matyora wa udzu wobiriwira, wa dzuwa ndi mvula yofunda, koma saona miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ya mdima ndi mphepo, pamene kuzizira kutsika madigiri 30 pansi pa ziro, ndipo mkazi adzuka usiku kukoleza moto ndi kukama ng'ombe m'khola lozizira. Nthawi ya nkhaniyi inasankhidwa ndi damu, nzoona. Koma nkhalamba zimene zikumbukira zambiri zikadakumbukirako ndi zimenezi. Moyo wakale uoneka wokoma koposa cifukwa taonetsedwa theka lace lokha, ndipo mkangano wa Darya ndi Andrei ukadakhala wolimba ukadacitika m'mwezi wa January.

Pali ndi kanthu kena kamene wowerenga wa mu Afrika sadzalephera kukaona. Zaka 300 za Matyora ziwerengedwa kuyambira pamene anthu a ku Russia anafika pa Angara. Asanafike iwo, m'dzikomo munali Aburyat ndi Aevenki, amene alipo kufikira lero m'mbali mwa Baikal. M'bukuli muoneka mai mmodzi yekha wa mtundu wa Aevenki, wokhala cete ndi kaliwo wace, wopanda ngakhale dzina lace-lace. Buku lonena za kulandidwa malo likadayenera kufunsa za iwo amene anayamba kulandidwa. Pambuyo pace Rasputin analowa ndale, nakhala m'bungwe la aphungu a Mikhail Gorbachev m'caka ca 1990, natsamira kwa iwo okweza mtundu wa Russia pamwamba pa ina, ndipo ambiri amene anakonda mabuku ace anakhumudwa naye. Mbeu ya maganizo amenewo ioneka pang'ono pomwepa.

Zina zimene anthu ena azidandaula sizili zolakwa konse. M'bukuli muli kanyama kosaoneka ndi anthu, kochedwa Mwini cisumbu, kamene kayendera mudzi usiku kalikudziwa nyumba imene idzayamba kupsa. Mulinso mtengo waukuru umene anthu auyesa mfumu ya mitengo, nakhulupira kuti mizu yace ndiyo igwira cisumbu pansi pa mtsinje. Anchito a Boma auyesa ndi nkhwangwa, ndi sowo, ndi moto wa mafuta, koma ukana kugwa. Ena a m'mizinda anati zimenezi nzacibwana m'buku la anthu akuru. Munthu wokulira pafupi ndi msitu wa makolo, kapena womva za malende a Atonga, kumene apempha mvula, adziwa kuti mudzi uli wonse wakale uli ndi mtengo wace wosadulidwa. Wolemba akadazisiya zimenezi, akadanama za anthu ace. Ndipo nkofunika kukumbukira kuti anazilemba m'dziko limene Boma lace linakana za Mulungu ndi za mizimu, ndi kumene madamu a pa Angara anali kuyimbidwa nyimbo ngati ulemerero wa dziko. Kuturutsa buku lotere m'caka ca 1976 kunafuna mtima wolimba.

Mtima womwewo anausonyeza pa nyanja ya Baikal. Fakitale yopanga zamapepala imene inatsegulidwa pa Baikalsk m'caka ca 1966 inali kuthira zonyansa m'madzi amene asodzi amamwa ndi manja ali m'bwato, ndipo Rasputin anakhala mmodzi wa otsutsana nayo zaka zambiri, polemba ndi polankhula. Inatsekedwa m'caka ca 2013. Iye anamwalira mu 2015, naikidwa ku Irkutsk, m'mbali mwa Angara.

Mapeto a bukuli ena awayesa osakwanira, cifukwa sauza wowerenga cimene cinacitika. Darya ndi anzace ocepa, pamodzi ndi kamwana kamodzi, atsala usiku womaliza m'nyumba ya Bogodul, imene yokha sinapse. Vorontsov, poopa akuru amene alikudza m'mawa kudzaona ngati cisumbu cayeretsedwa, akakamiza Pavel ndi Petrukha kulowa m'boti usiku womwewo kukawatenga. Pa mtsinje pagwa nkhungu yoti munthu saona madzi ali pambali pace, ndipo amuna obadwira pa Angara asokera pa mtsinje wao womwe, nazungulira alikufuula dzina la cisumbu. Okhala m'nyumbamo nawonso ayang'ana pa zenera osaona kanthu, nafunsana ngati ali moyo kapena afa kale. Apa wolemba, amene m'mitu ina analankhula kopitirira m'malo mwa anthu ace, anakhala cete, ndipo mutu umenewu uposa yonse. Cigamulo cimene anacikonzera Andrei m'masamba oyamba sacibwerezanso. Pavel, amene anavomereza damu, ndi Darya, amene analikana, ali m'nkhungu imodzi, ndipo boti silinafike.