Kamba wa Papert anafika pati?

Nchito ya katswiri wa maphunziro timaiyeza ndi cimene catsala m'manja mwa ana. Seymour Papert, wobadwira ku Pretoria mu 1928, anapanga cinenero ca kompyuta cochedwa Logo mu 1967, pamodzi ndi Wally Feurzeig ndi Cynthia Solomon. Mwana ankalamula kakamba ka pakompyuta kuti kayende, katembenuke, kajambule mizere. Kakasocera, mwanayo ankafufuza yekha pamene walakwitsa. M'buku lake Mindstorms, la mu 1980, Papert analimbikira kuti mwana ndiye azilamula kompyuta, kompyuta isamalamule mwana.

Mbewuyi inamera. Wophunzira wake Mitchel Resnick anatsogolera kupanga Scratch, imene ana a m'maiko ambiri amaphunzirirapo lero.

Koma Papert anadalira makina kwambiri, nacepetsa mphunzitsi. Iye anathandiza kuyambitsa One Laptop per Child, nchito yogawira ana makompyuta. Ku Peru atagawa, ofufuza anapeza mu 2012 kuti masamu ndi kuwerenga sizinapite patsogolo. Khasu sililima lokha. Makompyuta akadzafika m'sukulu za kwathu kuno, tidzayambe tafunsa: kodi aphunzitsi awakonzekeretsa?