Liwu la Chidatchi lakuti "Trouw" ndi Kukhulupirika Kwathu

Amishoni a Dutch Reformed amene anamanga Mvera m'chaka cha 1889, pa mapiri oyang'ana ku nyanja ya ku Salima, anali ndi Buku Lopatulika la Chidatchi m'manja mwao. M'chinenero chimenecho muli liwu lakuti trouw, limene ife timati kukhulupirika. Liwuli lili pachibale ndi trouwen, ndiko kukwatirana. Tsono munthu wa trouw ndiye wosunga pangano limene analowamo mwini yekha, monga achitira mwamuna ndi mkazi pamaso pa ankhoswe.

Chodandaulitsa n'chakuti m'masukulu athu kukhulupirika kwasanduka mapasa ndi kumvera. M'nthawi ya Dr. Banda, imene inatha mu 1994, ana anali kuloweza ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zonse mwa mpweya umodzi, ndipo ambiri anakula akuyesa kuti yachiwiri ndi yachitatu n'chinthu chimodzi. Adatchi angatitsutse pamenepa. Mu 1943, dziko lao lili m'manja mwa Ajeremani, anthu ena anayamba kusindikiza nyuzi mobisa, naitcha Trouw, ndipo mu 1944 ena a iwo anaphedwa chifukwa cha ntchitoyo. Olamulira sanawamvere konse, koma ndani anganene kuti anali osakhulupirika?

Chichewa chomwe chimasiyanitsa bwino, tikachipenyetsetsa. Kumvera kumachokera ku kumva, ndipo kumafuna wina wolamula. Kukhulupirika kuli ndi mchira wonga wa kuoneka ndi kumveka: chooneka ndicho chimene anthu angathe kuchiona, wokhulupirika ndiye amene anthu angathe kumkhulupirira, pali wolamula kapena palibe.

Inu amene mudzaphunzitsa ana a asodzi, chitsanzo chili pafupi. Pa chilumba cha Mbenji, kwa Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa m'nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane. Msodzi wokhala kumtunda poopa chindapusa ndi womvera, ndipo sitimnyoza. Koma alipo wina wodziwa kuti usiku wopanda mwezi palibe angamuone, ana ake ali ndi njala, nasiyabe bwato pamchenga chifukwa anapangana ndi anzake. Simbirani ana za anthu awiriwa, ndipo muwafunse kuti akadakhala ndi khoka lao akadabwereka uti.